Makilogalamu a mlimi wa tiyi si osunga m'memori

Achinyamata ambiri amene angoyamba kulemba mapulogalamu a kompyuta amakhulupirira kuti database (nkhokwe ya pa kompyuta yosunga zolembedwa m'matebulo a mizere ndi magawo) ikamachedwa, mankhwala ake ndi kusamutsira matebulo m'memori. Inenso ndinakhulupirira zimenezi, ndinazichita, ndipo zinandiphulikira m'manja tsiku lina lamvula kuno ku Thyolo, choncho ndikulemba ngati munthu amene anapsa kale chala.

Liwiro lake sindikulitsutsa, chifukwa ndi loonadi. Kuti kompyuta itenge kanthu mu RAM, yomwe ndi memori imene imagwiriramo ntchito, pamapita pafupifupi mananosekondi 100, pamene disiki yakale yozungulira ija imatha mamilisekondi pafupifupi 10 ikufunafuna pomwe panalembedwa chinthucho, kutanthauza kuti RAM imaiposa maulendo pafupifupi 100,000. Mu MySQL, pulogalamu ya database imene ndinkagwiritsa ntchito, kuti munthu apeze liwiro limeneli amangowonjezera mawu akuti ENGINE=MEMORY popanga tebulo, mtundu umene kale unkatchedwa HEAP. Kuphweka kwakeko ndi kumene kunandinyenga.

Panthawiyo ndinkathandiza kagulu kena ka alimi ang'onoang'ono a tiyi kusunga kaundula wa masamba amene amabweretsa pasikelo. Aliyense wodziwa tiyi akudziwa mmene mwezi wa January umakhalira: mvula yakhathamira, tiyi akuphukira usiku ndi usana, madengu amafika motsatizana, ndipo masamba sayenera kukhalitsa asanapite kufakitale. Akalaliki atatu ankalowetsa makilogalamu mu seva (kompyuta yosunga kaundulayo) imodzi yakale, ndipo ankadandaula kuti pulogalamu ikuzengereza pamene mzere wa anthu ukutalika. Ndinasamutsira m'memori tebulo la zoyezedwa tsiku limenelo, n'kukonza zoti madzulo aliwonse zonse zizikopedwa kupita pa disiki. Kwa masabata awiri ndinkayamikiridwa ngati katswiri.

Ndiyeno Lachinayi lina masana kunachita mphenzi, magetsi n'kuthima, ndipo m'pamene tinazindikira kuti batire la UPS, kachipangizo kopereka magetsi kwa kanthawi akathima, linali litafa kalekale popanda wina kudziwa. Titaliza jenereta seva inadzuka bwinobwino. Tebulo linalipo, dzina lake linalipo, mitu ya magawo ake onse inalipo, koma mkati munalibe mzere ngakhale umodzi. Ndinayamba ndaganiza kuti chinachake chawonongeka, koma ayi, MySQL inachita ndendende zimene inapangidwira: imasunga pa disiki kapangidwe ka tebulolo, koma zolembedwamo zimakhala mu RAM mokha, ndipo RAM imagwira zinthu pokhapokha ngati ikulandira magetsi. Ngakhale kungozimitsa seva mwadala n'kuiyatsanso kumachita chimodzimodzi.

Mayi wina wachikulire, amene anali atayeza madengu awiri m'mawa, anaima pakhomo atadzifunditsa pepala la pulasitiki n'kundifunsa modekha kuti, "Mwana wanga, tiyi wanga mwalandira ndipo wapita kale pa thirakitala, ndiye mukuti makina anu aiwala?" Ndinangoti, "Pepani amayi, tikonza," koma mumtima ndinalibe chogwira. Chimene chinatipulumutsa ndi mabuku a malisiti a kaboni, omwe ine ndemwe ndinkawanyoza kuti ndi zachikale. Tinakhala madzulo awiri tikulowetsanso manambala kuchokera pa mapepala onyowa.

Kuiwala magetsi akathima ndi vuto limene aliyense amalitchula, koma matebulo a MEMORY ali ndi zofooka zina zimene sizikambidwa mokwanira. Ngati simunasinthe kalikonse, tebulo limodzi silipitirira 16 MB, ndipo likadzadza limangokana kulandira china chilichonse. Munthu angaganize kuti 16 MB ndi malo ambiri a mayina ndi manambala, koma tebulo lotere limapatsa mzere uliwonse malo ofanana, kaya mwalembamo zambiri kaya zochepa. Mukapereka malo a zilembo 255 a dzina la mlimi, mu utf8mb4, njira yosungira zilembo momwe chilembo chimodzi chimatha kutenga mabayiti 4, dzina lalifupi ngati Phiri limadya mabayiti opitirira 1,000, ndipo mizere pafupifupi 16,000 yokha imadzadzitsa tebulo. Magawo a mtundu wa TEXT ndi BLOB, osungira zolemba zazitali ndi mafayilo, salandiridwa n'komwe. Mukafufuta mizere ina, malo ake sabwerera kwa seva mpaka mutamanganso tebulolo.

Chimene chimandiseketsa ndikamakumbukira n'chakuti tebulo la MEMORY limatsekedwa lonse munthu mmodzi akamalembamo, moti akalaliki anga atatu aja ankadikirana ngati anthu otunga madzi pa mjigo umodzi. Pa anthu atatu sizionekera, koma pakakhala anthu makumi angapo olemba nthawi imodzi, tebulo lothamanga lija limatha kuchedwa kuposa la InnoDB, mtundu wa tebulo losungidwa pa disiki, limene limatseka mzere wokhawo umene ukusinthidwa. Komanso silidziwa za transaction, njira yoti ntchito ichitike yonse kapena isachitike konse, kotero kuti ntchito ikaduka pakati, monga kuchotsa ngongole ya feteleza kwa mlimi musanalembe malipiro ake, palibe njira yobwezera zinthu mmene zinalili. Ndipo index (kalozera wothandiza kupeza mizere msanga) imene limagwiritsa ntchito mukapanda kusankha ina ndi ya mtundu wotchedwa hash, yomwe imapeza msanga mlimi wa nambala yakutiyakuti koma siithandiza mukafuna zoyezedwa kuyambira pa 1 mpaka pa 15 mwezi uno.

Nditakhala pansi n'kufufuza modekha, ndinapeza kuti disiki inalibe mlandu. Tebulo langa loyamba linalibe index pa nambala ya mlimi ndi pa tsiku, motero funso lililonse linkachititsa seva kuwerenga kaundula yense kuchokera pamwamba mpaka pansi. Nditaika index, kuchedwa konse kunatha. Ndinaphunziranso mochedwa kuti InnoDB, imene MySQL imagwiritsa ntchito mwachisawawa kuyambira pa 5.5 mu 2010, imasunga kale mu RAM zinthu zimene zikufunidwa kawirikawiri, m'malo otchedwa buffer pool, omwe amayambira pa 128 MB ndipo mukhoza kuwakulitsa. Imachita zimenezi uku ikulemba pa disiki chilichonse chimene mwatsimikiza. Liwiro limene ndinaika nalo pachiswe thukuta la alimi ndinali nalo kale m'nyumba.

Sindikunena kuti matebulo a m'memori alibe ntchito. Ndimawagwiritsabe ntchito kumapeto kwa mwezi powerengera malipiro, pamene ndikufuna pokhazika kaye masamu apakati amene ndingawawerengenso magetsi akathima, ndipo poyesa pulogalamu yatsopano database ina yaing'ono yotchedwa SQLite ya m'memori imandithandiza kwambiri. Funso limene ndimadzifunsa ndi limodzi: kodi zimenezi zikatayika lero, ndingazipangenso kuchokera kwina? Ngakhale amene anapanga zida zazikulu za m'memori funsoli sanalithawe. Redis, imene Salvatore Sanfilippo wa ku Italy anaitulutsa mu 2009, ili ndi njira yolembera pa disiki sekondi iliyonse, moti zikavuta mumataya za sekondi pafupifupi imodzi yokha. SQL Server, kuyambira mu 2014, imakulolani kusankha ngati mukufuna kuti tebulo la m'memori lisungidwe ndi zolembedwamo kapena kapangidwe kake kokha. Tebulo la MEMORY mu MySQL silikupatsani mwayi wosankha umenewu.

Malangizo ambiri amene timawerenga pa intaneti amalembedwa ndi anthu amene seva zawo zili m'nyumba zokhala ndi mabatire ndi majenereta odziyatsa okha. Ife tili m'dera limene mtengo umodzi wa bulugamu ukagwera pa waya ofesi imakhala mumdima, ndipo amene tinaona namondwe wa Freddy mu March 2023 ku Thyolo ndi ku Mulanje tikudziwa kuti mdimawo ukhoza kutenga masiku. Tebulo la makilogalamu ndinalibwezera ku InnoDB sabata yomweyo, batire la UPS tinagula lina ndipo ndimaliyesa pa 1 mwezi uliwonse. Wapampando wa gulu atandifunsa posachedwa ngati tingasiye kugula mabuku a kaboni kuti tipulumutse ndalama, ndinawayankha kuti, "Bambo, amenewo asiyeni kaye."