Top 10 ya marapa aku Ghana yanditopetsa

Koma abale, mndandanda wa marapa aku Ghana umene umabwera pagulu lathu la WhatsApp sabata iliyonse uja ndatopa nawo ine. Lero m'mawa foni kulira ndili kubafa, ine kuthamanga sopo ali m'maso poyesa ndalama yalowa, kupeza ndi top 10 inanso. Sarkodie nambala wani, chabwino, mkuluyo amathadi, mphoto ya nyimbo yaku America ya BET ya 2019 ija sanachite kuba. Koma Obrafour nambala 9?? Reggie Rockstone, mwini wake wa hiplife (chamba cha rap chaku Ghana) kuchokera m'ma 1990 muja, mulibemo n'komwe, m'malo mwake mwalowa kamwana kotchuka dzana pa TikTok. Ukafunsa kuti mwayeza bwanji ati ma views. Ndiye ma views asanduka mavoti tsopano? Wina ati M.anifest atsike chifukwa amachulutsa Chingelezi, ngati iyeyo chinacho, Chitwi chiyankhulo chaku Ghana, amachimva. Pagulu lonseli palibe amadziwa Chitwi olo liwu limodzi, koma timvekere "ma punchline ake ndi oopsa aise". Wamvapo chani iweyo? Munthu woti akapatsidwa moni wa Chitumbuka amangoti eya eya n'kumaseka.