Mayi uja sanalakwe, tinalakwa ndife amene tinatumizirana kavidiyo kake

Abale anga a kuno ku Joni, ndakhala ndikudziletsa kuyambira Lamlungu koma mtima wakana kukhala chete. Kavidiyo kaja kazungulira m'magulu athu a WhatsApp, ka mayi amene anadziyipitsira atatsala pang'ono kumaliza mpikisano wothamanga, ine kandipweteka kwambiri. Mayiyo sindikumudziwa, ndipo sanandichititse manyazi. Chandiwawa n'chakuti amene ankaseka kwambiri ndi anthu omwe timapemphera nawo limodzi, omwe timasonkherana ndalama wina akatisiya kuti thupi lake likafike kumudzi. Ena ankafunsa kuti munthu wamkulu angalephere bwanji kudzigwira, ena ankati akanangokhala pakhomo. Amayi anzanga nawonso anaikapo tizithunzi toseka.

Ndilankhula zimene ndinabisa kwa zaka zambiri. Ine ndine mayi wa ana atatu, ndipo ndimathamanga. Ndinayamba chifukwa cha BP. Mnzanga wina wa kuntchito ananditengera ku Delta Park, kumene Loweruka lililonse 8 koloko m'mawa anthu amathamanga kapena kuyenda makilomita 5 kwaulere. Imeneyo ndi parkrun, ndipo ya ku Delta Park ndiyo inali yoyamba mu South Africa muno, mu 2011. Ndinazolowera, thupi linapepuka, tulo tinayamba kubwera bwino. Nditabereka mwana wachitatu ndinadikira miyezi ingapo kenako ndinalembetsa mpikisano wa makilomita 10. Potsika kamtunda kena ndinangomva kutentha kukuyenderera m'miyendo. Sindinamve n'komwe kuti ndikufuna kukodza. Mkodzo unangotuluka, phazi lililonse likagunda pansi unkatulukanso. Ndinamanga juzi m'chiuno, ndinamaliza ndikuyenda, mu taxi ndinakhalira pepala lapulasitiki, ndipo ndinafika kunyumba ndikulira.

Ndinasiya kuthamanga pafupifupi zaka ziwiri. Bambo a ana atandifunsa ndinawauza kuti bondo likuvuta. BP inakweranso. Nditalimba mtima n'kufotokoza ku kiliniki ina, namwino anangondiuza kuti ndi mmene zimakhalira ukabereka, ndigule mapadi. Choncho mukamaseka kavidiyo kaja dziwani kuti m'gulu lomwelo muli mayi wina amene wakaonera mwakachetechete, ndipo nsapato zake zothamangira waziponya pansi pa bedi.

Amene anandithandiza ndi physiotherapist wina woona za minofu ya m'chiuno, ndipo mmene anandifotokozera ndi mmene ndikufuna nanunso mumve. Kunsi kwa chiuno kuli minofu imene ili ngati mbereko. Yabereka chikhodzodzo, chiberekero ndi matumbo akumapeto, ndipo ndi yomweyo imathandiza kutseka njira ya mkodzo ndi ya chimbudzi. Ukadumpha, ukatsokomola, ukayetsemula kapena ukanyamula chinthu cholemera utagwira mpweya, mphamvu ya m'mimba imakankhira pansi. Mbereko ikakhala yolimba ndiponso yofulumira kugwira, palibe chimachitika. Ikakhala kuti inatanuka ndi mimba, kapena yatopa chifukwa wathamanga maola awiri, mphamvu yokankha ija imaposa yotseka, mkodzo n'kudutsa. Apa palibe za khalidwe kapena kuleredwa. Munthu sasankha, monga mmene sasankhira kuti mwendo ugwidwe ndi dzanzi.

Ndipo musaganize kuti ndi za amayi obereka okha. Ku Sweden, mu 2002, ofufuza anafunsa atsikana 35 akatswiri odumpha pa trampoline, chinsalu chotanuka chimene chimamuponya munthu m'mwamba akadumphirapo. Mwa iwo 28 anavomera kuti mkodzo umadontha akamadumpha, ndipo onsewo anali asanabereke. Ndikaganiza za atsikana athu a ntchemberembaye, mmene amadumphira n'kutera mwamphamvu pa simenti, ndimadzifunsa kuti ndi angati amene amakana kumwa madzi asanalowe m'bwalo chifukwa cha mantha amenewa, osauza mphunzitsi, osauza mayi awo. Achimwene anga onyamula zitsulo kuseri kwa nyumba ku Cosmo City ndi ku Diepsloot, nanunso mukudziwa zimene zimachitika nthawi zina munthu akakakamira chitsulo choposa msinkhu wake. Simunena basi.

Za m'mimba n'zosiyana pang'ono, ndipo ndi zimene zinamuchitikira mayi wa mu kavidiyo uja. Tonse kuno tikuidziwa load shedding: magetsi akachepa amathimitsa dera lina kuti lina liyake. Thupi nalo limatero ndi magazi. Ukathamanga mwamphamvu, magazi ambiri amapita ku minofu ya miyendo, ku mtima ndi ku khungu kuti uzizire, ndipo opita ku matumbo amatha kuchepa mpaka ndi magawo 80 pa 100 alionse. Matumbo osowa magazi sagaya bwino chakudya, sayamwa bwino madzi, amayamba kupotokola. Onjezerani kugwedezeka kwa phazi lililonse kwa maola atatu kapena anayi, mantha a mpikisano amene paokha amatsegula m'mimba, kutentha, ndi thukuta limene lamaliza madzi m'thupi. Kuno ku Johannesburg tili pamwamba, mamita opitirira 1,700 kuchokera pa nyanja yamchere, mpweya wake ndi wouma, munthu umauma kukhosi usanazindikire. Ndiye pofika pa kilomita 35 ya Soweto Marathon, dzuwa la Novembala lili paliwombo, minofu yotseka ija nayonso yatopa ngati miyendo. Uthenga woti pita kuchimbudzi ukafika, umafika ndi mphamvu yoti sudikira kuti upeze kachimbudzi ka pulasitiki kotsatira.

Zimenezi zagwera anthu amene dziko lonse limawapatsa ulemu. Paula Radcliffe, pa nthawi imene anali mayi wothamanga marathon mwachangu kuposa wina aliyense padziko, anaima m'mbali mwa msewu pa London Marathon ya 2005 n'kudzithandiza makamera akuona, kenako anapitiriza ndipo anapambana ndi mphindi zoposa 5. Uta Pippig anapambana Boston Marathon ya 1996 akutsegula m'mimba komanso akutaya magazi. Yohann Diniz wa ku France, pa mpikisano woyenda makilomita 50 wa Olympics ku Rio mu 2016, anadziyipitsira, anakomoka pamsewu, anadzuka n'kumaliza ali nambala 8. Ndipo inu okonda mpira, Gary Lineker zinamuchitikira pabwalo pa World Cup ya 1990 England ikusewera ndi Ireland, masewero omwe anagoletsamo chigoli. Chimene chimandikhumudwitsa n'chakuti patapita zaka zonsezi anthu ena akamva mayina amenewa amakumbuka chimbudzicho, osati ntchito imene anthuwa anagwira.

Sindikunena kuti kupitiriza kuthamanga thupi likukana ndi ungwazi nthawi zonse. Diniz akanatha kufera pamsewu paja, ndipo Pippig anagonekedwa m'chipatala atamaliza. Ndikufuna anzanga amene mukukonzekera Comrades, makilomita pafupifupi 90 aja pakati pa Durban ndi Pietermaritzburg amene muyenera kumaliza maola 12 asanakwane, mumve bwino apa. Kudontha mkodzo pang'ono podumpha, kapena kutsegula m'mimba kamodzi pa ulendo wautali, si ngozi. Koma chimbudzi chikatuluka ndi magazi kapena chakuda bii, pitani kuchipatala. Mkodzo ukakhala wakuda ngati Coca-Cola pambuyo pa masewera olemetsa, minofu ikupwetekanso modabwitsa, impso zili pa chiopsezo, musadikire kuti kuche. Munthu akadziyipitsira uku akuyenda dzandidzandi, akulankhula zosamveka, thupi lili moto, kumeneko ndi kutenthedwa koopsa: muikeni pamthunzi, muthireni madzi ozizira thupi lonse, itanani a ambulansi. Ndipo ngati mwanyamula chitsulo kapena thumba la simenti, msana n'kupweteka kwambiri, kenako mwachita dzanzi pakati pa miyendo ndipo mkodzo ukukana kutuluka kapena ukungotuluka osaumva, imeneyo ndi mitsempha ya kumapeto kwa msana imene yapanikizika. Imafuna dokotala tsiku lomwelo, apo ayi vutolo limatha kukhala la moyo wonse. Ambiri a ife timagwira ntchito zomangamanga ndi zonyamula katundu, choncho izi si za othamanga okha.

Kanthu kena ka ife a kunyanja: mukaona magazi mu mkodzo, muuzeni dokotala kuti munakulira ku Mangochi, ku Nkhotakota kapena ku Salima ndipo munkasamba m'nyanja. Dokotala wa ku Gauteng sangaganize msanga za likodzo ngati simunamuuze.

Zimene zinandithandiza ine si zodula. Ndinaphunzira kufinya minofu ija ngati ndikuletsa mpweya woipa kuti usatuluke, osafinya matako kapena ntchafu, osagwira mpweya, kugwira kwa kamphindi kenako n'kumasula bwinobwino. Ndinkachita maulendo 8 kapena 10, katatu pa tsiku, ndili mu taxi, ndikusita, ndikudikira mpunga upse. Masewera amenewa amatchedwa dzina la dokotala Arnold Kegel amene anawafalitsa m'ma 1940. Sachita zamatsenga; pamafunika miyezi itatu kapena kuposa osadumphitsa, ndipo ine mwezi woyamba ndinkaona ngati ndikungotaya nthawi. Ndi bwino kuti wina wodziwa akuoneni kaye, chifukwa anthu ambiri amakankhira pansi akuganiza kuti akukokera m'mwamba, ndipo ena vuto lawo ndi minofu yomangika kwambiri imene ikufunika kuphunzira kumasuka. Physiotherapist uja anandiuzanso kuti ndisamadzimbidwe, chifukwa kukakamira kuchimbudzi tsiku ndi tsiku kumafooketsa mbereko yomweyo. Ndipo anandiletsa chinthu chimene ndinkachiona ngati nzeru, chosamwa madzi ndisanathamange. Mkodzo wochepa wowirira umavutitsa chikhodzodzo kwambiri, ndipo matumbo nawo amavutika thupi likauma.

Pa za chakudya aliyense ali ndi mimba yake. Ine ndinapeza kuti dzulo la mpikisano sindiyenera kudya nyemba, kabichi, tsabola kapena chips cha mafuta ambiri, ndipo nsima ya mgaiwa imene ndimaikonda ndimaisiya kaye n'kudya mpunga woyera. M'mawa ndimadya maola atatu tisanayambe, buledi ndi nthochi basi. Khofi ndi mkaka zimanditsegula, ndiye ndinasiya. Timapaketi ta shuga wa phalaphala timene othamanga amayamwa panjira, musatiyese koyamba pa tsiku la mpikisano. Ndipo chonde lekani kumwa Brufen musanathamange poopa kupweteka kwa mawondo. Mankhwala a mtundu umenewo amakanda m'matumbo ndipo amalemetsa impso pa nthawi imene zonsezo zikusowa kale magazi.

Koma chimene chandilembetsa zonsezi si nyemba kapena Kegel. Ndikukumbuka ndili mtsikana kumudzi, mayi wina matenda a uchembere anamuyamba panjira yopita kuchipatala. Amayi onse amene anali pafupi anamasula zitenje zawo zakunja, anaima mozungulira atazitambasula, anapanga nyumba pakati pa msewu. Abambo anatembenukira kumbali n'kupita kukafuna ngolo. Palibe anachita kuuza mnzake chochita. Kusukulu mtsikana akadetsa diresi, mnzake ankayenda kumbuyo kwake mpaka kunyumba. Ndife anthu omwewo. Ndiponso ndife anthu amene tikudziwa mbali inayo, ya amayi a fistula amene anavulala pobereka, mkodzo n'kumangotuluka usana ndi usiku, ndipo anasiyidwa ndi amuna awo, anasiya kupita kutchalitchi ndi kumaliro, ena kwa zaka zambirimbiri, pamene ku Bwaila ku Lilongwe madokotala amatha kuwasoka n'kuchira. Chimene chinawatsekera m'nyumba nthawi yonseyo si bala lokha. Ndi kuseka komweku kumene ife tachita Lamlungu ndi data yathu yomwe.

Mayi wa mu kavidiyo uja anadzuka mwina 4 koloko m'mawa kwa miyezi yambiri kuti akonzekere tsiku limenelo. Ali ndi abale, mwina ana amene ali ndi mafoni, ali ndi kuntchito kumene anayenera kupita Lolemba. Wojambulayo anali pafupi moti akanatha kumupatsa botolo la madzi kapena juzi.

Ine ndakafufuta mu foni mwanga, ndipo ndikupempha inu ma admin a magulu athu kuti muchite chimodzimodzi. Amayi anzanga amene munasiya kuthamanga, kudumpha chingwe kapena kuvina kwaya chifukwa cha vuto limeneli, ndilembereni ku inbox, sindiuza munthu. Loweruka ndikhala ku Delta Park isanakwane 8 koloko, ndipo m'chikwama mwanga mumakhala chitenje, buluku lakuda lapadera ndi madzi. Tikayamba ndi kuyenda.