Lekani kunyoza bwalo la Kenilworth Road

Dzulo madzulo tinali kuonera mpira pa wailesi ya kanema, ndipo pa nthawi yopumulira anaonetsa zithunzi za khomo lolowera m'bwalo la Kenilworth Road la timu ya Luton Town ya ku England, khomo lija la ku Oak Road lomwe lili pakati pa nyumba zogundizana za anthu. Bambo wina yemwe anakhala kumbuyo kwanga anaseka mpaka kugwira nthiti, nati bwalo limenelo ndi khola, ndipo timu yosewera m'khola imayeneradi kutsika ligi kawiri motsatizana monga momwe zidachitikira mu 2024 ndi 2025. Anawonjezera kuti asamuke msanga, aligwetse, dziko liiwale manyazi amenewo. Anzake anamuombera m'manja. Ine ndinakhala chete chifukwa sindinkafuna kukangana pagulu, koma mawuwo andisowetsa tulo, choncho lero ndiyankhula.

Bambo inu, bwalo lomwe mukulitcha kholalo ndi limene lasunga timuyi kuyambira mu 1905. Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Luton Town idakhazikitsidwa mu 1885, idasewerako ku Dallow Lane ndi ku Dunstable Road, ndipo mwini malo a ku Dunstable Road atawagulitsa kuti pamangidwe nyumba, timuyi idapeza pothawira ku Kenilworth Road, m'dera la Bury Park. Kuchokera chaka chimenecho eni timu akhala akusintha, aphunzitsi akhala akuchotsedwa, osewera abwera ndi kupita, ndalama zakhala zikutha, koma bwalolo silidasunthe. Inu mwaliona masekondi khumi pa kanema ndipo mwaliweruza kale, pamene kuli mabanja ku Luton omwe agogo, bambo ndi mdzukulu adakhalapo pa mbali imodzimodzi ya bwalolo kwa zaka zoposa 100.

N'zoona kuti khomo la ku Oak Road ndi lodabwitsa. Ochemerera timu yobwera amalowera pa zipata zomwe zili pansi pa zipinda za nyumba zokhalamo anthu, kenako amakwera masitepe achitsulo, ndipo akasuzumira pansi amaona kuseri kwa nyumbazo, timinda ting'onoting'ono, zinyalala m'mabini ndi zovala zili pachingwe. Inu mukuona chonyozetsa, koma ine ndikuona timu yomwe ili pakati pa anthu ake enieni, yomwe phokoso la chigoli chake limalowa m'khitchini mwa mnansi asanatsegule n'komwe wailesi. Ndiuzeni, ndi mabwalo angati amakono, aja omangidwa kutali ndi tauni m'mbali mwa misewu ikuluikulu, omwe angadzitame ndi zimenezo?

Chomwe chandikwiyitsa kwambiri n'chakuti munaseka musakudziwa chilichonse cha zomwe zidachitikira m'bwalomo. Mu 1959, chaka chomwe Luton idafika ndime yotsiriza ya chikho cha FA Cup, anthu 30,069 adadzaza bwalo lomwelo pamene timuyi inkasewera ndi Blackpool. Timu yomwe idagonjetsa Arsenal 3-2 ku bwalo lalikulu la Wembley ku London mu 1988 n'kutenga chikho cha League Cup inkachokera m'khola lomwelo. Bwaloli lidaona ndi zowawa zomwe. M'mwezi wa Marichi 1985 ochemerera Millwall adachita zipolowe zoopsa, kuzula mipando ndi kuiponya, ndipo pambuyo pake eni timu adaletsa ochemerera matimu obwera kulowa m'bwalomo kwa zaka zingapo, chiletso chomwe chidachititsa kuti Luton ichotsedwe mu League Cup ya 1986. Lidayalidwapo kapinga wa pulasitiki kuyambira mu 1985 mpaka mu 1991, kapinga yemwe matimu obwera ankadana naye kwambiri. Mu 1989 timuyi idaligulitsa ku khonsolo ya Luton n'kuyamba kuchita lendi m'nyumba yomwe idali yake. Zonsezi lidapirira, ndipo likadalipo.

Ndipo pamene zinthu zidafika poipitsitsa, ndani adatsala? Mu 2008 akuluakulu a mpira adalanda Luton mapointi 30 ligi isanayambe, chifukwa cha kusayenda bwino kwa nkhani za ndalama m'manja mwa eni akale. Mu 2009 timuyi idatuluka mu Football League, bungwe loyendetsa ligi yachiwiri mpaka yachinayi ku England, n'kugwera mu ligi yachisanu, komwe idakhala zaka zisanu ikusewera ndi matimu omwe inu, bambo woseka, simungatchule ngakhale dzina limodzi. Nthawi imeneyo kudalibe makamera a dziko lonse, kudalibe ndalama za kanema, kudalibe alendo ojambula khomo la ku Oak Road kuti akaseketse anzawo. Kudali anthu masauzande a ku Luton omwe Loweruka lililonse ankavala malaya awo a mtundu wa lalanje, kudutsa m'tinjira ta ku Bury Park, kulipira pachipata, ndi kukhala m'bwalo lozizira lomwelo. Ndalama za pachipata chimenecho ndi phokoso la anthu amenewo ndi zomwe zidaitulutsa timuyi m'dzenje mu 2014, n'kuikankha ligi ndi ligi mpaka pamene idagonjetsa Coventry City pa mapenate ku Wembley mu Meyi 2023 n'kulowa mu Premier League. Wosewera wina, Pelly Ruddock Mpanzu, adayenda ulendo wonsewo ndi timuyi kuchokera mu ligi yachisanu mpaka pamwamba, akusewera pa bwalo limodzimodzi. Ndipo matimu akuluakulu aja atabwera, kodi adaseka? Liverpool idachita kubweza chigoli mu mphindi zowonjezera kuti ilepherane ndi Luton 1-1, Newcastle idagonja 1-0, Brighton idamwetsedwa zigoli zinayi kwa duu.

Musandimve molakwa ngati ndikukana kuti timuyi isamuke. Bwaloli lapanikizika ndi nyumba, msewu ndi njira ya mabasi, limalowa anthu pafupifupi 12,000 okha, ndipo silingakulitsidwe kwenikweni, choncho kusamuka kudzachitika. Koma taonani mmene nkhani ya kusamukayi yayendera musanatsegule pakamwa. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 kudali maganizo otengera timuyi ku tauni ina ya Milton Keynes, ndipo ochemerera adakana kwamtuwagalu. Mu 1995 wapampando wa nthawiyo, David Kohler, adabwera ndi pulani ya bwalo lofolera lomwe lidatchedwa Kohlerdome, pafupi ndi msewu waukulu wa M1, koma boma silidavomereze. Mu 2003 mwini wina yemwe adakhala ndi timuyi masabata ochepa chabe adalota bwalo lalikulu lozunguliridwa ndi msewu wa mpikisano wa magalimoto, maloto omwe adatha ngati mame. Mabwalo onsewa adali okongola papepala, koma palibe ndi limodzi lomwe mudagoletsedwa chigoli. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno. Masewero apakhomo a zaka zonsezo adachitikira m'khola mwanu muja.

Pulani yomwe ilipo tsopano ndi ya ku Power Court, pakatikati pa tauni ya Luton, pafupi ndi siteshoni ya sitima ndi tchalitchi chakale cha St Mary's. Khonsolo idapereka chilolezo choyamba mu 2019, ndipo mu Disembala 2024 idavomereza bwalo lolowa anthu 25,000. Ine pulani imeneyi ndikuiyamikira pa chifukwa chimodzi, chakuti timuyi sikuchoka pakati pa anthu ake, ndipo munthu yemwe ankayenda wapansi kupita ku Kenilworth Road adzayendabe wapansi kupita ku bwalo latsopanolo. Anthu a ku Luton akadzasamuka adzatuluka m'bwalo lakalelo akulira monga mwana wochoka pakhomo pa mayi ake, sadzatuluka akulavula malovu monga mukufunira inu. Yemwe ali ndi ufulu wodandaula za mizati yotchinga maso, mipando yopanikizana ndi denga lakale ndi amene adakhalamo mvula ikugwa timu ili mu ligi yachisanu. Inu amene mudadziwa dzina la Luton mu 2023 mulibe ufulu umenewo, ndipo musadzipatse nokha.

Khalidwe lomweli loona bwalo ngati makoma ndi mipando chabe ndi lomwe lidapha timu ya Wimbledon ya ku London. Idachoka pa bwalo lake la Plough Lane mu 1991 n'kukachita lendi pa bwalo la Selhurst Park, ndipo mu 2002 komiti ya anthu atatu okha idaloleza kuti isamukire ku Milton Keynes, mtunda wa makilomita pafupifupi 90 kuchokera kwawo. Mu 2003 idapita, mu 2004 idasintha dzina n'kukhala MK Dons, ngati kuti timu ndi katundu woti n'kumupakira m'lole. Ochemerera omwe adasiyidwa padzuwa adayambitsa AFC Wimbledon, nayambira pansi penipeni mu ligi yachisanu ndi chinayi, ndipo zidawatengera mpaka mu 2020 kuti abwerere ku Plough Lane, m'bwalo latsopano lomwe lili pafupi ndi pomwe padali lakale, lomwe gawo la ndalama zake adasonkha okha. Ndikukhulupirira kuti bambo uja akadaliona bwalo lakale la Plough Lane akadalitchanso khola.