384 wanuyo si wa case-control

Lero ndaonanso proposal ya case-control (kafukufuku wofananiza odwala, ma case, ndi osadwala, ma control) yokhala ndi sample size, chiwerengero cha anthu ofufuzidwa, ya 384. Mutu wake wabwino, wofufuza ngati utsi wa nkhuni umayambitsa chibayo mwa ana, koma pofika pa chiwerengero cha anthu, ndi uja yemwe uja: 1.96 kuchulukitsa ndi 1.96, ndi 0.5, ndi 0.5, kugawa ndi 0.05 kawiri. Zandikwana. Formula imeneyi ndi yopezera kuchuluka kwa matenda pagulu la anthu. Mu case-control odwalawo mwawasankha dala nokha, ndiye kuchuluka kwa matenda mukufufuza kuti? Funso lanu ndi lina: kodi odwala anakhala mu utsi kwambiri kuposa osadwala? Magulu ndi awiri, ndipo mukuwafananiza. 384 sadziwa n'komwe kuti pali gulu lachiwiri.

Muyenera kuuza owerenga kuti mwa ma control angati pa 100 aliwonse amakhala mu utsi, odds ratio (nambala yosonyeza kukula kwa mgwirizano wa utsi ndi matenda) yochepetsetsa imene mukufuna kuigwira, power (mwayi woona kusiyana ngati kulipodi, 80% kapena 90%), alpha (mwayi woona kusiyana pamene kulibe) ya 0.05, ndi ma control angati pa case mmodzi. Popanda zimenezi nambala yanu yachokera m'mutu.

Tiyeni tiwerengere. Ma control 20 pa 100 ali mu utsi, odds ratio 2, power 80%, control mmodzi pa case mmodzi. Ndiye kuti mwa ma case tiyembekezera pafupifupi 33 pa 100, ndipo mufunika ma case 172 ndi ma control 172. Tsitsani odds ratio ifike 1.5, china chilichonse chikhale momwemo: gulu lililonse likwera kufika pafupifupi 535. Bwererani ku odds ratio 2 koma utsi ukhale wa ma control 5 okha pa 100: pafupifupi 516 gulu lililonse. Mwaona? Pamafunso atatu, mayankho atatu osiyana, ndipo palibe limene ndi 384. Mukagawa 384 pawiri, 192 uku 192 uku, pa odds ratio ya 1.5 kafukufuku wanu nthawi zambiri alephera kuona kusiyana kumene kulipodi, kenako mulemba kuti utsi ulibe vuto. Limenelo ndi bodza lobadwa ku masamu olakwika, osati ku ana amene munawafufuza.

Ma case akasowa, onjezani ma control. Pa chitsanzo choyamba chija, ma control awiri pa case mmodzi atsitsa ma case kufika 126, anayi afika 103, khumi afika 89 basi. Kupyola anayi mukungotaya ndalama ndi nthawi ya ofunsa mafunso. Ndipo ngati mwachita matching, case aliyense ndi control wake wa msinkhu umodzi, mawerengedwe ndi ena. Amadalira mapeyala amene mmodzi anali mu utsi mnzake ayi.

Chifukwa chimene 384 akubwererabwerera n'chodziwika, aliyense amakopera kwa amene anamaliza chaka chatha. Koma mapulogalamu owerengera sample size alipo: OpenEpi ili pa intaneti yaulere, StatCalc ili mu Epi Info, mphindi zisanu sizikwana. Katswiri wa statistics mumamufuna data itatha kale, pamene palibenso chokonza. Safunsa adadya phula.

Ndipo inu oyang'anira ophunzira, mumasayina bwanji tsamba la sample size limenelo? Mumaliwerenga kapena mumangoona kuti pali nambala? Nanga ija yowonjezera anthu poyembekezera kuti 10% akana kuyankha, aliyense akuchulukitsa ndi 1.1. Mumagawa ndi 0.9. Pa 172 mupeza 192, osati 189, ndipo atatu amenewo mudzawafuna mafayilo a odwala akapezeka opanda masamba.