Mafuta a ng'ombe ndi a mapazi ndi miyendo, osati nkhope

Juni akafika kuno ku Mzuzu, miyendo imatuwa, manja amauma, zikang'a zimatsegula m'zidendene. Maganizo anga ndi akuti mafuta a ng'ombe amathandiza ndithu, koma ambiri amawakonza mothamanga, kenako n'kumadandaula kuti amanunkha.

Kubutchala, kaya mumsika waukulu kaya ku Zigwagwa, pemphani mafuta olimba, oyera, okuta impso. Odula pa nthiti kapena m'matumbo amakhala ndi fungo lambiri la nyama. Pa kilo imodzi mupeza theka la kilo la mafuta oyengeka, mwina kuposerapo.

Chotsani tinyama ndi magazi onse, mudule tizidutswa tating'ono ngati nyemba. Ikani mumphika ndi makapu 2 a madzi ndi supuni imodzi ya mchere. Pa mbaula makala akhale ochepa, okwiriridwa pang'ono ndi phulusa, mphika uziwira mwapang'onopang'ono kwa maola 2 kapena 3. Apa ndi pamene anthu amalakwitsa. Moto ukachuluka tinyama timapserera, mafuta amafiira, ndipo fungo la pachiwaya likalowa silichokanso. Sefani pa kansalu koyera, muwasiye agone usiku wonse. Kuzizira kwathu kuno kugwira ntchito ya firiji. M'mawa mupeza mafuta aundana pamwamba, madzi akuda ali pansi. Nyamulani chibumacho, palani zothimbirira za kunsi kwake, mubwereze kawiri ndi madzi atsopano.

Pomaliza, asungunuleni okha opanda madzi mpaka kuthetheka kutasiyiratu. Timadzi tikatsalira timabweretsa nkhungu m'botolo. Paokha amalimba ngati sopo, choncho pa masupuni 4 alionse thiranimo supuni imodzi ya mafuta a mpendadzuwa asanazizire. Sungani m'botolo lagalasi louma bwino, pamalo opanda dzuwa, ndipo muzitapa ndi supuni, osati chala chonyowa. Akasintha fungo kapena mtundu, tayani.

Mafutawa sawonjezera madzi pa khungu, amangotsekera amene alipo kale. N'chifukwa chake muzidzola mukangosamba, thupi likadali lachinyezi, pang'ono chabe. Pa zikang'a pakani usiku n'kuvala masokosi.

Kunkhope ndikukana. Ndi olemera, amatha kutseka timabowo ta khungu, ndipo kwa amene amatuluka ziphuphu zimangochuluka. Ngakhale musanadzole m'miyendo, yambani mwayesa pa mkono masiku 2 muone ngati sipakuyabwa. Chipere ndi mphere sizitha ndi mafuta, zimafuna mankhwala akuchipatala. Pa bala, pamene mwapsa ndi moto, kapena pa khungu la khanda lomwe latuluka totupa, musapake. Ndipo abale athu achialubino asanamizidwe: mafuta a ng'ombe sateteza ku dzuwa ngakhale pang'ono, apitirize kudzola mafuta awo oteteza khungu aja.