Chotsani mawaya m'zigubu za madzi, inu a kuchigwa

Ndakhala chete nthawi yaitali, koma zimene ndinaona sabata yatha pakhomo pa mdzukulu wanga kuno ku Ngabu zandisowetsa tulo. M'chigubu cha madzi akumwa munali mawaya ofiira aja amasenda m'nthambo za magetsi, atawapindapinda. Madziwo anali atayamba kubiriwira. Nditafunsa, mkazi wake anandiyankha mosakayika kuti, "Agogo, amenewo ndi mankhwala, akuti mkuwa umapha mavairasi, tinamva pa WhatsApp." Mwana wawo wa zaka zinayi ankamwa madzi omwewo. Ndinakhuthula ndekha chigubucho, ndipo sindinapepese munthu.

Ndikudziwa kuti si khomo lokhalo. Ena mwagula makoza a mkuwa kuti chimfine chikulambalaleni. Ena mukumwa mapiritsi ogula pamsika, opanda ndi dzina lomwe, ati owonjezera chitetezo. Ana inu, safunsa anadya phula. Chipatala chili pafupi, alangizi a zaumoyo amabwera m'mudzi mwanu momwe, koma inu mwasankha kukhulupirira mawu a munthu amene nkhope yake simunaione.

Bodza limeneli likuyenda chifukwa lili ndi kachoonadi pang'ono. Mu 2020, matenda a Covid-19 atavuta, akatswiri a ku America anapeza kuti kachilomboko kakagwera pa chitsulo cha mkuwa kamafa pasanathe maola 4, pomwe pa pulasitiki kamatha kukhala mpaka masiku 3. Zimenezo n'zoona. Koma anayeza pamwamba pa chitsulo, sanayeze m'mimba mwa mwana. Kachilombo kakalowa m'thupi kamabisala m'kati mwa maselo, kumene waya wanuyo sangafike.

N'zoonanso kuti thupi limafuna mkuwa. Asilikali a m'thupi, maselo oyera a m'magazi aja, amachepa munthu akausowa, ndipo ena mwa iwo akameza kachilombo amagwiritsa ntchito mkuwa womwewo pokapha. Mkuwa umathandizanso kuti ayironi ayende bwino n'kupanga magazi, n'chifukwa chake wousowa amatha kuchepa magazi ngakhale akumwa mapiritsi a ayironi. Koma mverani muyeso wake. Munthu wamkulu amafuna pafupifupi mamiligalamu 0.9 patsiku, mayi woyamwitsa 1.3. Kanjere kamodzi ka chitowe n'kolemera kuposa pamenepo! Mukapitirira mamiligalamu 10 tsiku ndi tsiku, mutha kupweteka chiwindi. Nanga m'chigubu chija ndani anayeza kuti mwasungunuka wochuluka bwanji? Ndipo mukathiramo bwemba, malambe kapena ndimu, kuwawasako kumasungunula mkuwa wambiri kuposa madzi wamba. Kuonjezera mkuwa pa munthu amene ali nawo kale wokwanira sikumuonjezera asilikali. Ndi ngati mchere m'ndiwo: ukakwana wakwana.

Tsono apa ndi pamene mtima umandipweteka. Mkuwa umene mukuufuna m'mawayawo muli nawo m'munda, koma mumaugulitsa wonse. Chitowe cha ku Chikwawa ndi ku Nsanje chimatchuka dziko lonse, mavenda amabwera ndi masikelo awo mpaka m'midzi, inu n'kukokolola thumba lonse osasiyako ndi mbale imodzi ya ana. Masupuni awiri aakulu a chitowe amapereka mkuwa woposa theka la umene munthu amafuna patsiku. Amayi athu ankachikazinga, kuchisinja, n'kutendera nacho chisoso kapena nkhwani. Lero mtsikana wakwatiwa sadziwa n'komwe kuti chitowe chimadyedwa, amangodziwa mtengo wake pa kilo. Khobwe, nandolo, mtedza, nthanga za maungu, bowa wa nthawi ya dzinja, zonsezi muli mkuwa. Mapira ndi mchewere, zimene zinatilera ife m'zaka za chilala, mwaziyesa chakudya cha amphawi. Chimanga mukachipeza mumachikonola mpaka mbee, kuchiviika, madeya n'kupatsa nkhumba kapena ophika kachasu. Mbali yaikulu ya michere imapita ndi madeyawo. Nkhumba ikunenepa, mwana akudya nsima yoyera ndi thelere lokha, masana mwamugulira jigisi ndi zakumwa zotsekemera.

Za mbuzi ndinenenso. Chigwa chino ndi cha ziweto, palibe amene angatsutse. Koma mbuzi ikaphedwa, chiwindi chimathera pa chiwaya, abambo akudyera mowa, ana kunyumba osalawako. Palibe chakudya cha kwathu kuno chokhala ndi mkuwa wambiri kuposa chiwindi. Kachidutswa kochepa kamodzi pa sabata kamamukwanira mwana. Abambo inu, manyazi akugwireni. Amayi oyembekezera okha ndiwo asamachidye kawirikawiri, chifukwa chili ndi vitamini A wochuluka kwambiri.

Sindikuiwala kuti njala ilipo. Madzi osefukira a 2015, namondwe Ana mu 2022, Freddy mu 2023, zonsezi zinatikokolera minda, ndipo alipo ku Makhanga ndi ku Ndindi amene anapulumukira nyika za m'dambo. Amenewo sindikuwadzudzula. Ndikunena inu amene munakolola, munagulitsa, ndalama n'kugulira botolo la mapiritsi.

Pa mapiritsipo pali msampha wina umene ambiri simuudziwa. Chiyambire Covid-19, anthu anazolowera kumwa mapiritsi a mchere wina wotchedwa zinki ngati maswiti. Zinki akachuluka m'matumbo amatsekereza mkuwa kuti usalowe m'magazi. Munthu womwa zinki wopitirira mamiligalamu 40 patsiku kwa miyezi amatha kuchepa magazi, asilikali ake n'kutsika, miyendo n'kuyamba dzanzi. Ankafuna kumanga mpanda, wagwetsa womwe unalipo. Koma musandimve molakwa: zinki amene achipatala amapereka pamodzi ndi Thanzi ORS kwa mwana wotsegula m'mimba, wa masiku 10 mpaka 14 uja, m'patseni mwana mpaka amalize. Amene uja ali ndi muyeso wake ndipo amapulumutsa ana.

Inu a m'madimba a m'mbali mwa Shire, mumadziwa kopa wopopera tomato uja. Kopa ndi dzina la mkuwa womwewo m'Chingerezi, koma wopoperayu ndi poizoni. Musayerekeze kumusungunula kuti munthu amwe, musasungire madzi akumwa m'ndowa yosakanizira, ndipo muikeni patali ndi ana. Womwa mankhwala amenewa amasanza zobiriwira, m'mimba mumapotokola, kenaka maso amachita chikasu, mkodzo umada, impso zimaleka kugwira ntchito. Zikachitika musataye nthawi ndi mkaka kapena kumukolowola kukhosi. Thamangani naye kuchipatala, paketi ya mankhwalawo ili m'manja.

Chinanso. Ndikumva kuti ena akuti popeza avala khoza la mkuwa, ma ARV atha kupumira kaye, ndipo mwana sakufunikanso katemera wa chikuku kapena wa poliyo. Amene akukuuzani zimenezo akukukumbirani manda. Tinaika anthu ambiri m'zaka za m'ma 1990, mankhwala asanabwere, ndipo mkuwa unalipo kale nthawi imeneyo. Poliyo uja tinkati anatha anapezekanso ku Lilongwe mu 2022. Chakudya chabwino chimathandiza thupi kulimbana ndi matenda, koma sichilowa m'malo mwa katemera kapena mankhwala a kuchipatala.

Mafumu, atsogoleri a mipingo ndi a m'mizikiti, inenani nkhaniyi pamaliro ndi pamisonkhano. Inu muli ndi mafoni, werengerani amene alibe. Loweruka ndikupitanso kwa mdzukulu wanga uja kukasuzumira m'chigubu, ndipo ndanyamula kale chitowe cha m'mbale ziwiri kuti ndikamuonetse mkazi wake katenderedwe kake.