Kagalimoto ka gofu sikaima pamzere wa mafuta

Ndakhala chete kuyambira Loweruka, koma lero ndiyankhula basi. Wokwiya akwiye.

Ine ndi alamu anga, amuna a chemwali anga aakulu, tili ndi kamalo kochitirapo maukwati cha ku Njewa. Kuchokera poimika magalimoto kukafika pakapinga pomwe timakhoma matenti pali mamita ngati 300, ndipo pakati pali kachitunda. Kwa wachinyamata si kanthu. Koma kwa agogo oyendera ndodo, kapena mkwatibwi wa diresi lokwekwereza pansi, ndi ulendo weniweni. Ndiye chaka chatha tinagwirizana zogula kagalimoto ka gofu, tija amakwera osewera gofu tija, koti kazinyamula okalamba, keke ndi makireti a zakumwa. Gofuyo ine sindisewera, ku Lilongwe Golf Club ndimangodutsako kunja kwa mpanda. Ndinkangofuna choti chizitithandiza pantchito.

Wogulitsa wa ku Johannesburg anatitumizira zithunzi za tiwiri, tonse togwiritsidwapo kale ntchito. Kena ka Yamaha, ka petulo. Kena ka Club Car, kamagetsi, ka mavoti 48, mabatire 6 a mavoti 8 ali pansi pa mpando. Ine ndinaloza kamagetsi. Alamu anaseka mpaka kupukuta misozi. "Alamu, inu mukukhala dziko liti? Magetsi ake ati? Kuno ndi ku Malawi." Chemwali anandiponda phazi pansi pa tebulo kuti ndisatsutsane ndi akulu. Ndinatseka pakamwa, ndalama zanga ndinapereka, ka petulo kanabwera.

Tsono Loweruka lapitali.

Sabata yonse munaona nokha mmene mizere ya mafuta inalili mumzinda muno. Lachinayi ndinatuma mnyamata wathu ndi chigubu cha malita 5. Anabwera chimanjamanja, akuti pampu samwetsa m'chigubu. Lachisanu anapita kwina, yankho lomwelo. Wapampuyo sindikumuda ayi. Mafuta akasowa a MERA, bungwe loyang'anira za mafuta ndi magetsi, amaletsa kugula m'zigubu pofuna kuthana ndi mavenda, ndipo iye amangoteteza ntchito yake. Alamu anati ndisadandaule, apopa m'galimoto yawo Loweruka m'mawa ndi kapaipi. Loweruka m'mawalo galimoto yawoyo inali pamzere kuyambira tambala woyamba, iwo ali momwemo, foni osayankha.

M'thanki ya kagalimoto ka gofu kaja munali timadontho totsala pa ukwati wa sabata yatha. Kanatenga keke, kanafika. Kanatenga mkwatibwi, kanafika. Ulendo wachitatu tinakweza agogo a mkwati, gogo wa zaka zoposa 80 wochokera ku Nathenje, atavala chitenje chatsopano cha ukwati, duku lomangidwa bwino, kachikwama pamiyendo. Pakati penipeni pa chitunda kanatsokomola kawiri, zii. Mnyamata kuponda, kuponda, kakungolira sitata basi. Dzuwa lili pamutu, a MC akuitana pa sipika kuti "agogo a mkwati alowe tiwaone", anthu akuwomba m'manja osadziwa kuti agogowo atsakamira pafupi ndi mtengo wa mango.

Tinachita kuwatsitsa, kuwakhazika pa mpando wa pulasitiki, anyamata anayi n'kuwanyamula pamodzi ndi mpandowo. Nsapato imodzi inavuka, kamwana n'kumaitsatira nayo pambuyo. Agogo anandiyang'ana ine, poti ndi ine ndinali nditavala baji ya mwini malo, n'kunena motsitsa mawu: "Mwananga, mwayamba kundinyamula ndikadali moyo?" Anthu anaseka. Ine ndinalakalaka nthaka itang'ambika.

Ndipo nthawi yonseyo magetsi ALIPO. Anayaka usiku wonse wa Lachisanu, anayaka tsiku lonse Loweruka. DJ akugwedeza mahema, mafiriji akuzizira, soketi ili pakhoma la sitolo, masitepe awiri kuchokera pomwe kagalimotoko kamagona.

Koma zimenezo si zimene zandilembetsa izi. Chandilembetsa ndi choti alamu atafika cha m'ma 3 koloko, ndi malita awo 20 omwe anawapeza atapsa ndi dzuwa, anamva nkhani yonse, n'kupukusa mutu, n'kunena kuti: "Komabe alamu, kakanakhala kamagetsi bwenzi katatha moto kalekale."

Eeh! Pamenepo ndiye mtima wanga unaima.

Abale anga, tamverani. Magetsi amakupeza pakhomo. Petulo umachita kukamusaka. Nkhani yonse ndi imeneyi. Magetsi angachedwe, angabwere pakati pa usiku ngati mfiti, koma amabwera okha, amalowa pa waya mpaka m'sitolo mwako iwe uli mtulo. Petulo sanayambe wagogodapo pageti la munthu. Ndipo galimoto wamba bola, umaiyendetsa n'kukaima nayo pamzere. Kagalimoto ka gofu sikaima pamzere. Kalibe nambala, sikayenda pamsewu waukulu, liwiro lake ndi la njinga yakapalasa yothamanga. Mukufuna ndichoke nako ku Njewa, ndidutse msewu wa Mchinji pakati pa mathiraki, ndikaime nako pa Crossroads kumbuyo kwa maminibasi? Kapena ndikakweze pa lole, lole yomwenso ikufuna dizilo? Chinthu chomwe chimamwa petulo koma sichingapite chokha kokamwa, moyo wake wonse uli m'chigubu. Ndipo chigubucho ndi chomwe chimayamba kuletsedwa mafuta akangosowa. Kodi pamenepa pakufunika digiri?

Anthu mukamva mawu oti "chamagetsi" mumaganiza za mbaula ya magetsi, yoti akathima nsima yathera pomwepo ili phala. Ayi. Kagalimoto aka sikayenda ndi waya kumbuyo. Kamasunga moto m'mabatire monga momwe mayi amasungira madzi mu diramu mipopi ikamavuta. Umakalumikiza madzulo, mabatire amadzaza m'maola ngati 8, m'mawa n'kuchotsa pulagi. Kuyambira pamenepo athime, asathime, si nkhani yako. Timagalimoto timeneti anatipanga kuti tizizungulira bwalo lonse la gofu la maenje 18, makilomita angapo, titanyamula anthu awiri ndi zikwama zawo za ndodo. Ndiye kangalephere mamita 300 a ku Njewa? Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Moto womwe uli m'batire uli pamphuno. Petulo wa "ndipopa m'galimoto mawa m'mawa" ali pachala.

Funso lomwe ndinalephera kuwafunsa alamu pamaso, chifukwa cha ulemu, ndilifunsa pano: foni yanuyo ndi ya petulo? Mwakhala nayo zaka zonsezi m'dziko lomweli la "magetsi ake ati", simunaitaye bwanji? Mumaitchaja magetsi akabwera, basi. Ngakhale mu 2022 muja, namondwe Ana atawononga damu la Kapichira mu Januwale, mamegawati pafupifupi 130 n'kuchoka nthawi imodzi, chaka chonse tikukhala mumdima maola ambirimbiri, kwathu magetsi ankabwerabe usiku. Azimayi ankadzuka 2 koloko ya usiku kusita mayunifomu a ana. Nthawi yomweyo yositira ndi yomwe kagalimoto kakanakhala kakumwa moto, popanda wodzuka. Ndiuzeni usiku umodzi womwe petulo anabwera yekha inu muli m'bulangete.

Zifukwa zake za kusowa kwa mafuta tonse tikuzidziwa, amadzera ku Beira, Nacala ndi Dar es Salaam, amagulidwa ndi madola, madolawo kulibe, kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, sindikufuna kutaya nthawi pamenepo. Madzi a mu Shire omwe amazunguza makina ku Nkula ndi ku Tedzani sitichita kuwaitanitsa kudzera pa boda. Dzuwa lomwe akulikolola ku Salima, mamegawati 60 aja, ndi lomwelo limatiwotcha pa Njewa. Padenga la sitolo yathu pali malo a masola okwanira, ukaika ndi inverter yabwino kagalimoto kamamwa masana osafunsa munthu. Kodi padenga la sitolo mungakumbepo chitsime cha petulo?

Wina alemba pansipa, ndikudziwa, kuti mabatire ndi odula. Inde ndi odula, ndipo sindinanenepo kuti kamagetsi ndi kaulere. Mabatire 6 amenewo, lililonse lolemera makilogalamu pafupifupi 30, amatha ndithu, ukawasamala amakutumikira zaka zinayi kapena zisanu, ndipo posintha umasintha onse nthawi imodzi, thumba limalira. Amafuna kuthiridwa madzi a batire, osati a pamjigo, madzi ake azikwirira timapuleti ta mkati. Safuna kusiyidwa opanda moto kwa milungu, amafa msanga. A lithium safuna madzi ndipo amakhalitsa, koma mtengo wake ndi wina. Zonsezo ndikuvomera. Koma batire likamafa limakuchenjeza. Mwezi uno kakukwera chitunda mwaulesi, mwezi wamawa moto ukutha msanga, umakhala ndi nthawi yosunga ndalama, yofunsa mitengo, yoitanitsa. Limakupatsa ulemu. Kusowa kwa petulo sikuchenjeza. Umagona kuli mafuta, umadzuka mzere wafika pa raundabauti, ndipo tsiku lake limakhala lomwelo la ukwati wa mwana wa munthu amene walipira kale ndalama zonse.

Komanso musamayankhule ngati ka petulo kamangoyenda ndi mapemphero. Kali ndi injini ya silinda imodzi, ngati ya jenereta. Kamafuna oyilo, pulagi, fyuluta, malamba. Mwezi wa Juni tinagula petulo wa m'botolo kwa mavenda, atatipanikiza chonchi, osadziwa kuti anasakaniza ndi palafini. Kanayamba kubanika, kutulutsa utsi wakuda. Tinachita kukatenga makanika ku Biwi, kumulipirira kabaza uku ndi uku, kudzamasula kabyuleta pa sitolo pomwepo, n'kutiwonetsa zinyalala zake pa chivindikiro cha chitini. Alamu tsiku limenelo anati ndi tsoka chabe. Loweruka linalinso tsoka chabe. Tsoka lomabwera pa chinthu chimodzimodzi kawirikawiri chonchi, dzina lake si tsoka.

Za phokoso ndiye ndisayambe. Injini yake imalira ukangoponda, n'kuzima ukaima. Ndiye taganizani abusa ali pakati pa pemphero, mnyamata akubweretsa ayisi kumbuyo kwa tenti, prrrr, zii, prrrr, zii, ndi kafungo ka utsi kakulowa komwe kuli chakudya. Kamagetsi kamadutsa ngati mphaka.

Amene muli ndi famu ku Malingunde kapena kupitirira Mitundu uko, kopanda waya, kopanda sola, mtunda wake wautali, gulani ka petulo, sindikulimbana nanu. Ine ndikunena ife a m'tauni muno, a malo a maukwati, a malodge, a masukulu a mipanda ikuluikulu, amene tili ndi mita pakhoma ndipo timagula mayunitsi pa foni tili chogona. Mayunitsi pa foni! Petulo munayamba mwamugulapo pa foni n'kulowa yekha m'thanki? Wina akupita kukagona pa filing'i siteshoni, kulumidwa ndi udzudzu, kukangana ndi a kabaza olowerera mzere, kuti apeze malita oti ayendetsere chinthu chomwe chikanadzaza chokha pa soketi. Kenako munthu yemweyo, maso ali psuu ndi tulo, akukuuza kuti magetsi ndi osadalirika.

Vuto lathu timakonda kubwereza mawu omwe tinamva kalekale osayang'ananso pawindo. "Ku Malawi zamagetsi sizingatheke." Ananena ndani? Liti? Mzere wa mafuta ukudutsa pageti pako koma iwe ukuimbabe nyimbo yomweyo. Ndipo ukakhala wamng'ono m'banja, ngakhale ndalama waika zofanana, mawu ako amakhala a mwana. Ndinaloza kamagetsi, ndinapondedwa phazi. Loweruka amene anayang'anizana ndi agogo aja ndi ine, wopondedwa phaziyo. Amene anaseka anali pamzere.

Alamu, ndikudziwa muwerenga, chemwali akuwonetsani. Ulemu wanu ulipo, sunachoke. Koma ka Yamaha kaja kalibe mlandu, kanachita zomwe chinthu cha petulo chimachita chikasowa petulo. Tikagulitse kwa wa famu. Gawo langa la ndalama likupita ku kamagetsi, ndipo ulendo uno phazi ndaliika pamwamba pa mpando.

Ndipo inu alendo a ukwati uja, amene munatulutsa mafoni. Anthu oposa 200, amuna amphamvu zawo atavala masuti, palibe ndi mmodzi yemwe anavula jekete kuti akankhe. Kagalimoto kopepuka kaja, anthu atatu akanakafikitsa pamwamba agogo ali momwemo. Koma ayi, aliyense foni m'mwamba, kufuna kukhala woyamba kuika pa WhatsApp. Pofika madzulo kavidiyo kanali katafika kwa msuweni wanga ku Area 25, wina ataikamo kale nyimbo ya maliro. Gogo wa eni ake, anachoka ku Nathenje m'bandakucha kudzaona mdzukulu akukwatira. Mwana wa zaka 6 ndi amene anaganiza zotola nsapato. Amene munaika nyimboyo ndakudziwani, munakhala tebulo lachitatu kumanzere, ndipo munachoka ndi mabotolo awiri a malo athu m'chikwama.